Hubert Harrison, mphunzitsi wa m'misewu ya Harlem amene adasiya chipembedzo

Kwa munthu wakuda wongofika kumene mumzinda wa New York m'chaka cha 1900, tchalitchi chidali mudzi wake. Kumeneko n'kumene ankamva za ntchito ndi za chipinda cha lendi, n'kumene ankapeza anzake ochokera kwawo, ndipo akamwalira ndi ampingo amene ankathamanga ndi maliro. Kusiya chipembedzo kudali kudzichotsa pa abale. Hubert Henry Harrison adachita zimenezo akadali mnyamata, ndipo zaka zake zotsala adazithera pofunafuna bwalo lina loti anthu onga iye azisonkhanapo.

Harrison adabadwa pa 27 April 1883 pa chilumba cha St. Croix ku Caribbean, chomwe panthawiyo chinkalamulidwa ndi dziko la Denmark. Adakulira mu mpingo wa Anglican, m'banja losauka. Mayi ake atamwalira adawoloka nyanja kupita ku New York ali ndi zaka 17. Masana ankanyamulira alendo katundu ndi kuyendetsa chikepe, usiku n'kumapita kusukulu.

Chikhulupiriro chake chidagwedezeka ndi mabuku, makamaka a Thomas Paine, amene ankayesa nkhani za m'Baibulo ndi nzeru za umunthu. Pofika zaka za m'ma 20, Harrison adali atasiya Chikhristu. Ankadzitcha munthu wosavomera chinthu popanda umboni, motsanzira wasayansi wa ku England, Thomas Huxley. Komabe luso lake la kuyankhula adalinolera kutchalitchi komweko, m'mabwalo a mtsutso a St. Benedict ndi St. Mark, chifukwa kudalibe malo ambiri kumene wachinyamata wakuda wokonda mabuku akadapeza omumvera. Mabungwe a anthu osapembedza adalipo ndithu, ndipo adali ndi nyuzipepala yawo ya The Truth Seeker, koma pafupifupi onse adali a azungu. Akakhala pakati pa osapembedza ankaoneka khungu, akabwerera kwa akuda anzake ankaoneka wosapemphera. Akuluakulu adati kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu, ndipo Harrison adaudziwa bwino ululu wa mwambiwu.

Sadali munthu wosunga mawu m'kamwa. Mu 1910 adalemba makalata mu nyuzipepala ya New York Sun odzudzula Booker T. Washington, mtsogoleri wamphamvu wa anthu akuda, ndipo chaka chotsatira adachotsedwa ntchito ku positi ofesi, ali kale ndi mkazi, Irene, ndi ana oti awadyetse. Adalowa chipani cha Socialist Party nakhala mmodzi mwa oyankhula ake odziwika, koma adatulukamo mu 1914 ataona kuti chipanicho chinkaika patsogolo antchito achizungu.

Chaka chomwecho adayambitsa bwalo lake la Radical Forum, nalemba mu The Truth Seeker nkhani imene ikuwerengedwabe lero. Mfundo yake idali yakuti chipembedzo chimene eni akapolo ankachigwiritsa ntchito polungamitsa ukapolo chidapitiriza kumanga maganizo a zidzukulu za akapolowo, ndipo ankadabwa kuti anthu amene adazunzika chotero ndiwo adachikakamira kwambiri. Apa Harrison adaona mbali imodzi ya nkhani. Patangopita miyezi yochepa, mu January 1915, mbusa John Chilembwe, amene adaphunzira za ubusa ku Lynchburg m'dziko la America lomwelo, adaukira atsamunda kuno ku Nyasaland atanyamula Baibulo lomwelo. Koma funso la Harrison lidali la chilungamo, ndipo ochepa adalimba mtima kulifunsa poyera.

Popeza adalibe guwa, adasandutsa msewu kukhala kalasi. Ku Harlem, dera la anthu akuda ku New York, ankaima pa mphambano za msewu wa Lenox Avenue n'kumaphunzitsa za chiyambi cha zamoyo, mbiri ya Africa, chuma ndi ndale. Odutsa ankaima, mafunso ankaloledwa, ndipo womutsutsa ankayankhidwa pomwepo. Mmodzi mwa achinyamata amene adatengera njira imeneyi ndi A. Philip Randolph, yemwe pambuyo pake adatsogolera mabungwe a antchito akuda ndipo ankamutenga Harrison ngati tate wa ndale zolimba mtima za ku Harlem.

Mu June 1917 adakhazikitsa bungwe la Liberty League, lomwe linkafuna lamulo loletsa kupha anthu akuda popanda kuwazenga mlandu, ndipo mwezi wotsatira adayamba nyuzipepala ya The Voice. Msonkhano woyambitsa bungwelo udachitikira m'tchalitchi cha Bethel, ndipo kumeneko Harrison adapereka mpata woyankhula kwa mlendo wa ku Jamaica, Marcus Garvey. Garvey adakopa khamu limene Harrison sadalikope, mwa zina chifukwa misonkhano yake idali ndi mapemphero ndi nyimbo zimene anthu adazizolowera. Mu 1920 Harrison adakhala mkonzi wa nyuzipepala ya Garvey ya Negro World, natulutsanso buku la When Africa Awakes, koma awiriwa sadakhalitse limodzi.

Adamwalira pa 17 December 1927 m'chipatala cha Bellevue atachitidwa opaleshoni ya m'mimba, ali ndi zaka 44, osasiyira banja lake chuma. Adaikidwa m'manda a Woodlawn, ndipo dzina lake lidazimirira kwa zaka zambiri kufikira pamene wolemba mbiri Jeffrey B. Perry adalifukula. Mabungwe amene iye adawasowa adabwera mochedwa: African Americans for Humanism mu 1989, ndi Black Nonbelievers mumzinda wa Atlanta mu 2011, omwe amasonkhanitsa anthu akuda osapembedza kuti azilimbikitsana pamene abale awatembenukira.

Mmodzi mwa amene adamukumbukira adali mbusa. Ethelred Brown, wochokera ku Jamaica, adali ndi kampingo ka Unitarian ku Harlem, komwe ulaliki unkatsatidwa ndi mtsutso wa onse obwera, opemphera ndi osapemphera omwe. Mu 1928 adasintha dzina la kampingoko kukhala Hubert Harrison Memorial Church.