Fanizani Akuda, Wosema Miyala wa ku Tengenenge

Fanizani Akuda, Mchewa wa mfunda wa Phiri, anabadwa m'chaka cha 1932 m'dziko limene lero litchedwa Zambia. Sanapondeko m'sukulu. M'chaka cha 1949 ananka ku Southern Rhodesia kukafuna ntchito, monga anachitira makolo athu ambiri, ndipo kumeneko anathyola thonje, namanga nyumba, naluka madengu.

Tsono m'chaka cha 1966, malonda a fodya atagwa, mlimi wina dzina lake Tom Blomefield anasandutsa munda wake wa Tengenenge, pafupi ndi Guruve, kukhala mudzi wa osema miyala. M'mudzimo anakhalira limodzi Achewa, Ayao ndi Mashona. Akuda analembedwa ntchito yokumba miyala chabe, kuti ena aseme. Koma poona anzake alikusema tsiku ndi tsiku, iyenso anatola nyundo, ndipo mphatso imene inali gone mwa iye inadzuka.

Nkhondo itakula m'dzikomo, anasamukira ku Chitungwiza, napitiriza kusema. Nkhope zake zomwetulira ndi anthu ake oimba mluzu zinatchuka kufikira kutsidya kwa nyanja. Anamwalira m'chaka cha 2011. Akadapanda kukhala pakati pa anzake aja, dzina lake sitikadalimva.