George Boole, Mphunzitsi wa ku Lincoln

Tikamayamba kuphunzitsa ana za kompyuta, timawauza kuti makina ameneŵa amagwira ntchito ndi manambala aŵiri okha, 0 ndi 1. Ana amalemba zimenezi m'makope mwawo, naziloŵeza pamtima, koma ndi oŵerengeka amene amafunsa kumene zinachokera. Ifenso aphunzitsi kaŵirikaŵiri timazitchula ngati kuti zinabwera pamodzi ndi makinawo. Komatu nzeru imeneyi inayamba kale makinawo asanapangidwe, ndipo mmodzi mwa anthu amene anaiyalira maziko anali mphunzitsi wa sukulu monga ife tomwe. Dzina lake anali George Boole.

Boole anabadwa pa 2 Novembala 1815 m'tauni ya Lincoln ku England. Atate ake, a John Boole, anali osoka nsapato, ngakhale kuti mtima wawo unali pa masamu ndi pa kupanga magalasi oonera nyenyezi. Iwo ndiwo anamphunzitsa masamu oyambirira. Kusukulu sanapite patali. Chilatini anaphunzira kwa munthu wina wogulitsa mabuku m'tauni momwemo, ndipo Chigiriki, Chifalansa ndi Chijeremani anadziphunzitsa yekha. Ali ndi zaka 14 anamasulira ndakatulo ya Chigiriki imene inatuluka m'nyuzipepala ya kwawoko, ndipo mphunzitsi wina anakana kwamtuwagalu kuti mnyamata wa msinkhu umenewo angathe ntchito yotere.

M'chaka cha 1831 malonda a atate ake analoŵa pansi. George, amene anali mwana woyamba, anasenza udindo wodyetsa makolo ake, mlongo wake ndi ang'ono ake aŵiri, ali ndi zaka 16 zokha. Anapeza ntchito ya mphunzitsi wothandizira ku Doncaster, kenaka anaphunzitsa ku Liverpool ndi ku Waddington, ndipo mu 1834 anatsegula sukulu yakeyake ku Lincoln. Kwa zaka 18 anakhala akuima pamaso pa ana. Masana ankaphunzitsa, usiku ankaŵerenga mabuku ovuta a masamu a akatswiri a ku France monga Lacroix, Lagrange ndi Laplace, popanda womufotokozera pamene wakakamira. Ku yunivesite sakanatha kupita chifukwa banja likanagona ndi njala. Komabe zolemba zake zinayamba kutuluka m'magazini ya masamu ya ku Cambridge, ndipo mu 1844 bungwe la Royal Society linampatsa mendulo ya golide chifukwa cha ntchito yake.

Tsono tifike pa chimene dzina lake limakumbukiridwa nacho. Kuyambira nthaŵi ya Aristotle, luso la kuganiza molongosoka linkaphunzitsidwa ndi mawu. Boole anaona kuti kuganiza kumeneku kuli ndi malamulo amene angalembedwe ngati alijebula. Anafotokoza zimenezi m'kabuku ka 1847 kotchedwa The Mathematical Analysis of Logic, nazitambasula m'buku lalikulu la 1854, An Investigation of the Laws of Thought.

Mfundo yake tingaionetse ndi ana a m'kalasi mwathu. Tinene kuti x ikuimira atsikana onse, ndipo y ikuimira ana onse amene avala nsapato. Pamenepo xy ikuimira atsikana amene avala nsapato: tasankha atsikana, ndipo mwa iwo tasankhanso ovala nsapato. Nanga tikasankha atsikana, kenaka mwa iwo n'kusankhanso atsikana? Tipeza ana omwe aja, osachuluka osachepa. Ndiye kuti x kuchulukitsa ndi x yankho lake ndi x. Mwana wochenjera adzatsutsa msanga, pakuti 3 kuchulukitsa ndi 3 ndi 9, osati 3. Timlole atsutse, ndipo timtume afufuze nambala imene ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe sisintha. Adzapeza ziŵiri zokha: 0 ndi 1. Apa mpamene manambala aŵiriwo analoŵera m'nkhaniyi. Kwa Boole, 1 anali kalasi yonse, 0 anali gulu lopanda munthu, ndipo kuchotsa x pa 1 kunatanthauza onse amene si atsikana. Ife timaona kuti munthu amene anakhala zaka zambiri akufotokozera ana zinthu zovuta sakanasoŵa njira yachidule yotere.

Mu 1849 anaikidwa kukhala pulofesa woyamba wa masamu pa Queen's College ku Cork, m'dziko la Ireland, alibe digiri ina iliyonse. Anafika kumeneko dziko likadali m'chisoni cha njala yaikulu imene inayamba mu 1845. Mu 1855 anakwatira Mary Everest, mwana wa mbale wake wa George Everest amene phiri lalitali koposa padziko lapansi linatchedwa dzina lake, ndipo anabereka ana aakazi asanu. Tsiku lina kumapeto kwa Novembala 1864 anayenda pansi pafupifupi mailosi atatu mvula ikugwa, kuti asaphonye phunziro. Anaphunzitsa zovala zili zonyoŵa, nadwala chibayo, ndipo anamwalira pa 8 Disembala 1864 ali ndi zaka 49. Pakhama la ntchito timtsanzire ndithu, koma pa zovala zonyoŵa pokhapo ayi.

Kwa zaka zoposa 70 alijebula ya Boole inali ya akatswiri ochepa a masamu ndi a nzeru zakuya. Ena mwa iwo anaikonza apa ndi apo, koma ndi oŵerengeka okha amene anaiona ngati chida cha amisiri. Mu 1937 wophunzira wina wa ku America, Claude Shannon, wa pa Massachusetts Institute of Technology, anaonetsa kuti maswichi a magetsi amatsata malamulo omwewo. Swichi imakhala yoyatsa kapena yozimitsa, 1 kapena 0, palibe pakati. Zimenezinso n'zotheka kuzionetsa pa thebulo la mphunzitsi, ngakhale pa sukulu yopanda magetsi, ndi batire, kababu ka tochi, mawaya ndi timisomali topangira maswichi aŵiri. Maswichiwo akalumikizidwa motsatana pa njira imodzi, babu liyaka pokhapokha woyamba ndi wachiŵiri yemwe atayatsidwa. Ameneyo ndiye "ndi". Akaikidwa pa njira ziŵiri zoyendera limodzi, babu liyaka wina aliyense mwa iwo akayatsidwa, ndipo ameneyo ndiye "kapena". Tikaonjezapo "osati", amene amatembenuza 1 kukhala 0 ndi 0 kukhala 1, takwanitsa zonse zofunika pomanga makina oonkhetsa ndi osankha. M'kati mwa foni yam'manja muli timaswichi totere mamiliyoni osaŵerengeka, tosaoneka ndi maso.

Pali chifukwa china chimene tikufunira kuti inu, amene mukukonzekera ntchito ya uphunzitsi, mudziŵe bwino phunziro limeneli. Ana amene mudzawaphunzitse akukula m'nthaŵi imene makina amayankha mafunso okhudza moyo wawo. Mayi akafuna kutumiza ndalama pa foni, makina amafunsa ngati nambala yachinsinsi ili yolondola ndiponso ngati ndalama zilipo zokwanira, ndipo limodzi likakhala 0 ndalama sizipita. Pamenepo palibe vuto. Koma makina akamasankha woyenera ngongole kapena woyenera kuitanidwa ku ntchito, mafunso aja anawalemba ndi munthu, ndipo munthuyo angaiŵale wamasiye, wolumala kapena wakumudzi amene alibe mapepala. Makina sadziŵa "kapena mwina", sadziŵa "tiyeni timumvere kaye". Mwana amene anaimapo m'gulu la xy m'kalasi, naona mnzake akutsala kunja chifukwa nsapato zake zinaduka dzulo, sadzavutika kumvetsa kuti yankho la makina limadalira amene anasankha funso. Motero poseŵera maseŵero a magulu aja, tizisinthanitsa ana osankha mafunso, ndipo pamapeto tiziwafunsa kuti ndani watsala kunja, ndipo chifukwa ninji.

Mary Boole anatsala wamasiye ali ndi zaka 32, mwana wotsiriza asanakwanitse chaka. Anabwerera ku England, nagwira ntchito m'nyumba ya mabuku ya Queen's College ku London, ndipo analemba mabuku onena za kaphunzitsidwe ka masamu kwa ana aang'ono. Iye ankafuna kuti mwana ayambe wagwira zinthu ndi manja asanapatsidwe malamulo. Ankapatsa ana khadi, singano ndi ulusi, ndipo iwo ankasoka mizere yoongoka yokhayokha kufikira ataona mzere wokhota ukutuluka pakati pake. Mwana wawo wachitatu, Alicia, anadzatchuka pa masamu a maonekedwe a zinthu, ngakhale kuti nayenso, monga atate ake, sanaphunzire pa yunivesite. Mary anamwalira mu 1916.