Kadinala Joseph Cardijn, Wansembe Amene Adakhulupirira Achinyamata

M'sukulu zambiri za sekondale muno m'Malawi muli gulu la YCS, koma dzina la munthu amene adafesa mbewu yake sitilimva kawirikawiri.

Joseph Cardijn adabadwa pa 13 Novembala 1882 ku Schaerbeek, dera la mzinda wa Brussels m'dziko la Belgium, ndipo adakulira m'tauni ya Halle. Makolo ake sadali olemera. Bambo ake ankagulitsa malasha. Pamene anzake a kusukulu ankalowa ntchito m'mafakitale akadali ana, iye adapita ku seminale. Pobwera ku tchuthi adawapeza atasintha: ankamuyesa mdani, ndipo ambiri adali atatalikirana ndi Mpingo. Bala limeneli silidapole mumtima mwake. Bambo ake akumwalira m'chaka cha 1903, Joseph adalonjeza kupereka moyo wake kwa achinyamata apantchito.

Adadzozedwa unsembe mu 1906, ndipo mu 1912 adatumizidwa ku parishi ya Laeken. Kumeneko adayamba ndi timagulu ta atsikana apantchito, kenaka anyamata. Sankangowalalikira ayi. Ankawatuma kukafufuza okha: anzawo akugwira ntchito maola angati, akulandira ndalama zingati, akudwala ndani. Akabwera ndi mayankho, ankawaunikira limodzi ndi Uthenga Wabwino, kenaka n'kugwirizana chochita chimodzi chimene iwo eni angathe. Apa ndi pamene padachokera njira ya kuona, kuweruza ndi kuchitapo kanthu. Ena mwa akuluakulu ampingo ankamukayikira kuti akugawa akhristu, koma mu 1925 Papa Pius XI adadalitsa gulu lakelo, limene ife timalidziwa ndi dzina la YCW. Posakhalitsa ophunzira nawonso adatengera njirayi, ndipo YCS idabadwa.

Tikufuna kuti akatekisiti ndi aphunzitsi oyang'anira magulu amenewa alingalirepo bwino pamenepa. Cardijn sankaona unzika ngati phunziro loloweza pamayeso. Ankafuna kuti wachinyamata azolowere kufunsa, kumvera mnzake, kusankha atsogoleri ndi kuyankha pa zimene walonjeza. Kuimba ndi kupemphera n'kofunika, sitikukana. Koma ngati mtsikana wa Fomu 2 wasiya sukulu ndipo gulu la YCS silidafunse chifukwa chake, sitepe loyamba lija, la kuona, ladumphidwa. Ndipo nthawi zina olakwa ndife akuluakulu, amene timathamangira kuwaganizira ana m'malo mowasiya ayesere.

Iye mwini adalipira mtengo wa unzika: pa nkhondo zonse ziwiri zikuluzikulu za dziko lonse, Ajeremani amene adalanda Belgium adamutsekera m'ndende. Mu 1961 Papa Yohane XXIII adalimbikitsa njira yake ija m'kalata ya Mater et Magistra, ndipo mu 1965 Papa Paulo VI adamusankha kukhala Kadinala. Adamwalira mu Julaye 1967 ali ndi zaka 84, ndipo adaikidwa m'tchalitchi cha ku Laeken, kumene adayambira ntchito yake.