Mbiri ya Mayi Rachel Carson, Amene Adachenjeza Dziko za Mankhwala Ophera Tizilombo

Ambiri a ife tikamapopera mankhwala m'dimba, maganizo athu amakhala pa mbozi ndi nsabwe za masamba, osati pa matupi athu. Lero tikumbuke mayi amene adayamba kufunsa mokweza kuti: kodi mankhwala opha kachilombo amamuchita chiyani munthu?

Mayi Rachel Carson adabadwa pa 27 May 1907 ku Springdale, m'chigawo cha Pennsylvania ku America. Atatsiriza maphunziro a zamoyo ku yunivesite ya Johns Hopkins mu 1932, adalowa ntchito ya boma yoona za nsomba mu 1936. Bambo awo anali atamwalira, choncho udindo wosamala banja udali pa iwo. Buku lawo lonena za nyanja, The Sea Around Us, la mu 1951, ndilo lidawatchukitsa.

Mu 1958 adalandira kalata ya mnzawo wa ku Massachusetts yodandaula kuti mbalame zidafa ndege itapopera DDT pofuna kupha udzudzu. Kwa zaka zinayi mayiwa adasonkhanitsa umboni, ngakhale mu 1960 adapezeka ndi khansa ya m'mawere. Buku lotchedwa Silent Spring lidatuluka mu 1962. M'menemo adafotokoza kuti DDT ndi anzake saola msanga: amakhalitsa m'nthaka ndi m'madzi, nalowa m'zakudya, kenaka nkuunjikana m'mafuta a m'thupi. Adachenjezanso kuti poti mankhwalawa amapha tizilombo poononga mitsempha yake, mitsempha ya munthu nayonso ili pachiswe.

Makampani opanga mankhwala adawanyoza kwambiri, koma iwo sadabwerere m'mbuyo. Mu 1963 akatswiri olangiza Pulezidenti John F. Kennedy adagwirizana ndi chenjezo lawo, ndipo chaka chomwecho, ali wodwala, adakachitira umboni kunyumba ya malamulo. Adamwalira pa 14 April 1964 ali ndi zaka 56. Mu 1972 America idaletsa DDT pa ulimi, ndipo pangano la ku Stockholm la mu 2001 lidamuletsa m'maiko ambiri, kupatula pa ntchito yolimbana ndi matenda monga malungo.

Funso lawo lija la mitsempha silidathe. Pali nthenda yotchedwa ALS, imene imapha mitsempha yolamulira minofu. Wodwala amafooka pang'onopang'ono mpaka kulephera kuyenda, kulankhula, kumeza ndi kupuma, ndipo ambiri amamwalira pakati pa zaka ziwiri ndi zisanu. Mankhwala ochiza palibe. Pafupifupi wodwala mmodzi yekha mwa khumi ndiye amatengera kumtundu. Nchifukwa chake akatswiri akuyang'ananso zimene zatizungulira. Mu 2016 ofufuza a pa yunivesite ya Michigan adapeza kuti odwala ALS ambiri adaakhudzanapo ndi mankhwala ophera tizilombo, ndiponso kuti ena mwa mankhwala okhalitsa aja adali ochuluka m'magazi awo kuposa m'magazi a anthu osadwala. Izi zikusonyeza kuti mankhwalawa angakweze chiopsezo, osati kuti aliyense wopopera adzadwala.

Mayi Carson sadanene kuti mankhwala onse atayidwe. Adapempha kuti agwiritsidwe ntchito mwanzeru ndi mosamala. Tiwalemekeza bwino tikamavala zotchinga kukamwa ndi m'manja popopera, tikamapewa kutsukira mipope kumtsinje, ndiponso tikaleka kusungira madzi kapena mchere m'zigubu za mankhwala. Tiuzane zimenezi m'mabanja ndi m'midzi mwathu, pakuti mutu umodzi susenza denga.