John Dunlop ndi tayala la mpweya

Ku Tsangano njinga zimanyamula matumba a kacewere kupita kumsika. Ku Furancungo, m'boma la Macanga, njinga zimanyamula cimanga ndi nkhuni. Tsiku lina zimanyamula wodwala kupita naye kucipatala. Matayala a njinga zonsezi ali ndi mpweya m'kati. Ena amati tayala, ena amati pineu. Tadinikizani tayala ndi cala. Limalowa pang'ono, kenaka limabwerera. Kale matayala sanali otero. Nayi mbiri ya munthu amene anawasintha.

Dzina lake anali John Boyd Dunlop. Anabadwa m'caka ca 1840 pamudzi wa Dreghorn, m'dziko la Scotland, kutali ku Ulaya. Makolo ake anali alimi. Atakula anapita kumzinda wa Edinburgh. Kumeneko anaphunzira nchito ya udokotala wa ziweto. M'caka ca 1867 anaoloka nyanja kupita ku Ireland. Pambuyo pake anakhazikika mumzinda wa Belfast. Anthu ankabwera kwa iye ndi akavalo awo odwala. Pazithunzi zake amaoneka ndi ndevu zazitali zofika pacifuwa.

Dunlop anali ndi mwana wamwamuna dzina lake Johnnie. Mwanayo anali ndi kanjinga ka matayala atatu. Matayala ake anali a mphira youma gwa, yopanda mpweya. Misewu ya ku Belfast inali yoyalidwa miyala. Johnnie akamapalasa, kanjinga kankangoti gugudu gugudu. Thupi lonse linkagwedezeka. Bambo ake anaona zimenezi ndipo anayamba kuganiza.

M'caka ca 1887 Dunlop anatenga thabwa nalidula lozungulira ngati licero. Anatenga mphira yopyapyala naimata kuti ikhale cubu. Anapopamo mpweya ndi copopera mpira wamiyendo. Cubuco anacizunguliza m'mphepete mwa thabwa lija. Pamwamba anakutapo nsalu yolimba naikhomera ndi timisomali.

Tsopano anafuna kudziwa ngati cinthuci cingayende. Anaturuka panja. Anazula tayala limodzi la kanjinga ka Johnnie naligubuduza pabwalo. Tayala loumalo linayenda pang'ono, kenaka linagwa. Anagubuduzanso thabwa la mpweya lija. Ilo linathamanga bwalo lonse, linakagunda kucipata, n'kubwerera m'mbuyo!

Kodi cinacitika n'ciani? Tayala louma likagunda mwala limadumpha, ndipo liwiro limatha. Tayala la mpweya likagunda mwala limalowa pang'ono, mwala umadutsa pansi, ilo n'kumapitabe. Mpweya uli ngati mtsamiro pakati pa msewu ndi munthu.

Dunlop anaika matayala otere kumbuyo kwa kanjinga ka mwana wake. Kuciyambi kwa caka ca 1888 Johnnie anakwera napalasa pamsewu wa miyala uja. Kugwedezeka kuja kunacepa. Caka comweco boma linapatsa Dunlop kalata yonena kuti nzeru imeneyi ndi yake.

Koma anthu ambiri ankaseka. Matayala atsopanowa anali onenepa, osakongola. Opalasa njinga pamipikisano ankakonda matayala awo oonda. Munthu mmodzi wa ku Belfast, Willie Hume, sanaseke. M'caka ca 1889 iye analowa mpikisano ndi njinga ya matayala a mpweya. Tsiku limenelo anathamanga kanayi, ndipo kanayi konse anapambana. Oseka aja anakhala cete. Aliyense anayamba kufuna matayala onenepa.

Caka comweco munthu wamalonda, Harvey du Cros, anagwirizana ndi Dunlop. Anatsegula kampani yopanga matayala mumzinda wa Dublin.

Kenaka kunabwera uthenga wowawa. M'caka ca 1890 kunadziwika kuti munthu wina anali atapanga kale tayala la mpweya. Dzina lake anali Robert William Thomson, nayenso wa ku Scotland. Iye analembetsa nzeru yake m'caka ca 1845, Dunlop ali ndi zaka 5 zokha. Matayala a Thomson anali a ngolo zokokedwa ndi akavalo. Anali okwera mtengo, ndipo anthu anawaiwala. Thomson anamwalira m'caka ca 1873. Dunlop sanabe nzeru ya mnzake, pakuti sankadziwa za matayala amenewo. Komabe kalata yake ija inatha mphamvu. Woyamba anali Thomson. Koma tayala limene linafika panjinga za anthu ndi la Dunlop.

Tayala la Dunlop linali ndi vuto lake. Linali lomatidwa kumkombero wa njinga. Minga ikalibaya, kulikonza inali nchito yaikulu yotenga nthawi. Anthu ena anaonjezera nzeru zawo. M'caka ca 1891 abale awiri a ku França, André ndi Édouard Michelin, anapanga tayala losavuta kucotsa. N'cifukwa cace lero njinga ikaphwa panjira, mwini wace amakhala pansi pa mtengo. Amacotsa cubu, amacipopa, amaciviika m'madzi. Pamene paturuka thovu, pamenepo ndi pobooka. Amapala, amamata cigamba, amapopanso, ulendo n'kupitirira.

Kampani ija inakula kwambiri. Inayamba kupanga matayala a galimoto, ndipo pambuyo pake a ndege. Dunlop sanakhalemo nthawi yaitali. Patapita zaka zocepa anacokamo, ndipo cuma cambiri cinapita kwa ena. Iye anakhala ku Dublin mpaka kukalamba. Anamwalira komweko m'caka ca 1921 ali ndi zaka 81.

Dzina lake linatsala pamatayala. Mukaona galimoto itaima pamsika, yang'anani m'mbali mwa tayala. Pamatayala ena mudzaona malembo asanu ndi limodzi: D, U, N, L, O, P.