Edmund Kells: dokotala amene anaona mkati mwa dzino, nataya mkono

M'kamwa mwa munthu muli malo amene diso la dokotala wa mano silifika, ngakhale ataunika ndi kagalasi kake: pamene mano awiri akhudzana. Zotsekemera zikakanirira pamenepo, tizilombo timatulutsa asidi amene amadya pang'onopang'ono khungu lolimba la dzino. Mwini dzino samva kanthu kufikira bowo litayandikira mtsempha, ndipo pofika apo ntchito yopulumutsa dzinolo imakhala itakula. Masiku ano chithunzi cha X-ray chimaonetsa kuwolako kukadali kadontho kakuda, chifukwa cheza chimadutsa mosavuta pamalo owola kusiyana ndi pamalo olimba. Mmodzi mwa anthu oyamba kufikitsa makina amenewa pampando wa odwala mano anali Charles Edmund Kells, wa mumzinda wa New Orleans ku America.

Kells anabadwa mu 1856. Bambo ake analinso dokotala wa mano, ndipo iye atamaliza maphunziro ku New York mu 1878 anabwerera kwawo kukagwira nawo ntchito. Anali munthu wosatha kukhala manja lende. Anali m'gulu la oyamba kulowetsa magetsi m'chipinda chochitiramo za mano, anapanga chipangizo choyamwa magazi ndi malovu pa opaleshoni, ndipo zinthu zimene anatulukira n'kulembetsa kuboma zinaposa 30. Amakumbukidwanso polemba ntchito mayi woti azimuthandiza, zomwe zinachititsa kuti amayi ayambe kubwera okha kudzaonetsa mano popanda wowaperekeza.

Mu November 1895, Wilhelm Röntgen anatulukira cheza cha X-ray ku Würzburg, m'dziko la Germany. Patangopita masabata ochepa, dokotala wina wa mano wa m'dziko lomwelo, Otto Walkhoff, anajambula mano ake omwe, ndipo anakhala chete kwa mphindi 25 kuti chithunzi chituluke. Mbiriyo itawoloka nyanja, Kells sanazengereze. Anasonkhanitsa zipangizo, napanga kachida kogwirira filimu m'kamwa, nayamba kujambula mano a anthu amoyo. Mu July 1896 ananyamula makina ake kupita nawo kumsonkhano wa madokotala a mano ku Asheville, m'chigawo cha North Carolina, kumene anzake anaona mizu ya mano popanda kuzula dzino lililonse.

Makina a nthawiyo anali osadalirika. Mphamvu ya chubu chotulutsa cheza inkasinthasintha, ndipo njira yodziwira ngati chakonzeka inali kuika dzanja patsogolo pake n'kuyang'ana pagalasi lapadera kufikira mafupa a zala ataoneka bwino. Kells anachita zimenezi tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri. Cheza sichipweteka pokhudza thupi, choncho panalibe chomuchenjeza.

Nkhondo yaikulu ya moyo wake sinali ya makina ayi, koma ya kagwiritsidwe ntchito kake. Kuyambira cha m'ma 1910 kunafala chiphunzitso chakuti mafinya obisika kumizu ya mano ndiwo gwero la nyamakazi, matenda a mtima ndi ena ambiri. Madokotala anayamba kuzula mano mwachisawawa, nthawi zina m'kamwa monse, ndipo umboni umene ankaonetsa odwala unali kamthunzi kalikonse pachithunzi cha X-ray, ngakhale chojambulidwa molakwika. Kells zinamuwawa kuona chida chimene anabweretsa kuti chipulumutse mano chikusanduka chifukwa chowazulira. Analemba ndi kulankhula m'misonkhano motsutsa mchitidwewo, nanenetsa kuti dzino lofa mtsempha likhoza kuyeretsedwa mkati, kumatidwa n'kukhalabe m'kamwa, komanso kuti chithunzi chiziwerengedwa ndi munthu wodziwa mano amene wamuonanso wodwalayo. Panthawiyo ambiri sanamumvere. Patapita zaka chiphunzitso chozula manocho chinatha mphamvu, ndipo njira imene iye ankateteza ndi imene zipatala zikutsata lero.

Zithunzi zoyambirira zinkathandiza kwambiri poona mizu ndi fupa la nsagwada. Yemwe anapeza njira yoonera bwino pakati pa mano anali dokotala wina wa ku America, Howard Raper, amene anaifalitsa mu 1925. Filimu yake, yotchedwa bitewing, ili ndi kaphiko kamene wodwala amaluma, ndipo chithunzi chimodzi chimaonetsa mitu ya mano am'mwamba ndi am'munsi pamodzi. Kuwola kukapezeka kusanalowe mkati, kawirikawiri sipafunika n'kuboola komwe: mankhwala a fluoride, kuyeretsa pakati pa mano ndi kuchepetsa shuga zimatha kukuimitsa. Lero kujambulako sikutenga ngakhale sekondi imodzi, cheza chake n'chochepa kwambiri, ndipo wojambula amaima patali kapena kuseri kwa khoma.

Kells sanapeze chitetezo chotero. Khungu la zala zake linayamba kuuma ndi kung'ambika, zilonda zosapola zinasanduka khansa, ndipo madokotala anayamba kudula: chala chimodzi, kenako china, kenako dzanja, pomaliza mkono wonse wamanzere mu 1926. Maopaleshoni onse anaposa 30. Pamene zala zinkachepa, iye ankakonza zida zoti azigwirabe nazo ntchito, ndipo chaka chimene anadulidwa mkono anatulutsa buku la zimene anaphunzira pa ntchito yake, lotchedwa Three Score Years and Nine.

Matendawo sanaime pamenepo. Ululu unakula, ndipo pa 7 May 1928 Kells anadzipha ali mu ofesi yake ku New Orleans. Anali ndi zaka 71.