Almon Brown Strowger

Almon Brown Strowger (11 Febuluwale 1839 – 26 Meyi 1902) anali nzika ya dziko la America yomwe inatulukira makina olumikiza mafoni paokha. Anabadwira ku Penfield, m'chigawo cha New York. Atamenya nawo nkhondo yapachiweniweni, anakhala mphunzitsi, kenako anayamba bizinesi yokonza maliro ku Kansas City.

Masiku amenewo munthu akafuna kuimba foni ankayamba walankhula ndi wogwira ntchito pa ekisichenji, yemwe ankalumikiza mawaya ndi manja. Nkhani yotchuka imati Strowger ankaganiza kuti mayi wina wa pa ekisichenji, mkazi wa munthu wopikisana naye pa malonda, ankapatutsira mafoni a anamfedwa kwa mwamuna wake. Kaya zinalidi choncho kapena ayi, iye anatsimikiza mtima kumuchotsa munthu pakatipo.

Boma linalembetsa lusoli m'dzina lake pa 10 Malichi 1891. Woimba ankadina mabatani kangapo molingana ndi nambala, ndipo kudina kulikonse kunkatumiza magetsi osuntha kamkono kachitsulo sitepe imodzi, mpaka kakafike pa waya wa munthu wofunidwayo. Ekisichenji yoyamba yotere inatsegulidwa ku La Porte, m'chigawo cha Indiana, pa 3 Novembala 1892. Kagudumu kozunguliza manambala kanabwera mu 1896, ndipo anakapanga ndi anzake a pakampani.

Strowger anagulitsa gawo lake m'kampaniyo mu 1898 n'kusamukira ku St. Petersburg, ku Florida, komwe anamwalirira. Ku Britain makina a mtundu wake anagwira ntchito mpaka 1995. Makina a PABX, omwe m'maofesi amapititsa foni ku ekisitenshoni yoyenera, amagwira ntchito yomweyo, kungoti masiku ano amayendera kompyuta.